Ukwati umene mkwatibwi sanauzidwe: kukonza ulendo wa ku Serengeti ndi Zanzibar

Munthu amene anakhalapo m'komiti ya ukwati, kaya ku Area 25 kaya ku Ndirande, ali kale ndi nzeru zambiri zofunika pokonza ulendo wokaona nyama ku Tanzania. Ntchito zake n'zofanana. Tsiku limagwidwa kudakali miyezi yambiri, ndalama zimasonkhedwa pang'onopang'ono, dipoziti imaperekedwa kwa anthu amene simunaonepo ntchito yawo, ndipo zonsezo zimathera m'masiku ochepa amene sabwereranso. Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu. Pa ukwati mkwatibwi amadziwa tsiku, ndipo ngakhale achedwe ku saluni maola awiri, abusa n'kumayang'ana wotchi, amafika ndithu. Ku Serengeti eni mwambo ndi nyumbu, mkango ndi nyalugwe, ndipo palibe anawatumizira khadi.

Tiyambe ndi tsiku, poti ndi pamene komiti iliyonse imayambira kukangana. Maukwati ambiri kwathu amachitika mvula itatha, anthu atakolola, misewu itauma, ndipo mabanja amangotsatira nyengo imene chaka chawapatsa. Ku Serengeti nako kalendala ili m'manja mwa mvula ndi udzu. Nyumbu zimene anthu amazilota akaona pa kanema, zomwe kawerengedwe kodziwika bwino kamati zilipo pafupifupi 1.3 miliyoni, sizikhala malo amodzi. Zimayenda chaka chonse mozungulira pamodzi ndi mbidzi zambirimbiri, kutsata kumene kwaphuka msipu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi zimakhala kummwera, m'zidikha za udzu waufupi za ku Ndutu, kumene dothi lake linachokera ku phulusa la mapiri ophulika ndipo udzu wake umapatsa mkaka wambiri. Kumeneko ndi kumene zimaswera. M'masabata ochepa chabe, makamaka mu Febuluwale, ana pafupifupi theka la miliyoni amabadwa, ndipo mwana wa nyumbu amaimirira patangopita mphindi zingapo chibadwire. Afisi, mikango ndi akakwiyo nawo amadziwa nyengoyo, sasowa pafupi.

Mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi ikamatha, zidikha zija zimauma msanga ndipo mtunda umayambika. Gulu limalowera kumadzulo, n'kukumana ndi mtsinje wa Grumeti cha mu Juni. Kuchokera Julaye mpaka Okutobala limakhala kumpoto, m'malire ndi Kenya, kumene limawoloka mtsinje wa Mara uku ndi uku pakati pa Serengeti ndi Masai Mara. Mvula yaing'ono ya Novembala ikagwa, limatembenuka kubwerera kummwera.

Ndiye funso loyamba si lakuti tchuthi chanu kuntchito chili liti. Funso n'lakuti mukufuna kukaona chiyani. Wofuna ana obadwa kumene ndi zilombo zikusaka, tsiku lake ndi Febuluwale ndipo malo ake ndi Ndutu. Wofuna kuona nyumbu zikudziponya m'madzi a ng'ona, ndi Ogasiti kapena Sepitembala, ku Kogatende, kumpoto kuja m'mbali mwa mtsinje wa Mara. Paki ya Serengeti ndi yaikulu makilomita 14,750 m'bwalo lake lonse, kuposa Nyika kanayi, moti amene wafika ku Kogatende mu Febuluwale ali ngati mlendo amene wavala bwino, mphatso ili m'manja, koma wapita ku holo ina. Pali njira yachitatu imene ine ndimaikonda ngakhale ambiri amaithawa: Epulo ndi Meyi. Kumakhala matope ndipo makampu ena amatseka, koma mitengo ya malo ogona imatsika, dziko limabiriwira, magalimoto amachepa. Mikango ya ku Seronera, pakati pa paki, siisamuka ndi nyumbu. Ilipo chaka chonse.

Tsiku likadziwika pamabwera ntchito yowawa, yodula mndandanda wa oitanidwa. Aliyense amene anakonzapo ukwati amadziwa mmene pepala lija limatalikira: anzawo a kuntchito, a ku mpingo, a ku banki m'khonde, achibale a kuchimuna amene sanaonekepo chimwalirire agogo. Holo ndi ya anthu 300, maina afika 600. Pa ulendo zimateronso. Munthu akayala mapu a Tanzania amafuna Kilimanjaro, Tarangire, nyanja ya Manyara, Ngorongoro, Serengeti, Zanzibar, zonse m'sabata imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapu sanena za fumbi. Kuchokera ku Arusha, tauni imene maulendo ambiri amayambira, phula limakufikitsani ku Karatu ndi ku chipata cha Ngorongoro. Kupitirira apo ndi msewu wa miyala ndi mabampu, ndipo kukafika ku Seronera ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Kupitiriza mpaka ku Kogatende ndi maola enanso angapo. Pulogalamu imene ili ndi mapaki anayi m'masiku asanu ndi pulogalamu yoonera msana wa dalaivala.

Dulani mopanda chisoni. Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895, ndi ulendo wakewake wa masiku pafupifupi asanu ndi awiri wapansi. Liyang'aneni patali ngati mitambo yalola. Pa Manyara ndi Tarangire sankhani pamodzi, ndipo ngati mukupita m'chilimwe, Tarangire ndiye wa njovu zambiri ndi malambe akuluakulu. Masiku otsalawo muwaunjike ku Serengeti, mausiku atatu kapena anayi pa dera limodzi. Amene thumba likulola angathe kupita pa galimoto n'kubwerera pa kandege kakang'ono kochokera ku Seronera kapena ku Kogatende, bola adziwe kuti tindege timeneti nthawi zambiri timalola katundu wa makilogalamu 15 okha, m'chikwama chofewa osati sutikesi yolimba.

Tsopano koteshoni. Pano ndi pamene nzeru za m'komiti zimagwira ntchito koposa. Mwini holo akanena mtengo, tcheyamani wozindikira sathamangira kuwomba m'manja. Amafunsa: mipando ilimo? Nanga nsalu za pa matebulo? Jenereta magetsi akazima ndi ya ndani, mafuta ake agula ndani? Tikapitirira 5 koloko tilipiranso? Safunsa anadya phula. Holo imene inaoneka yotchipa imadzakhala yodula kuposa zonse pamene zinthu izi zayamba kubwera chimodzichimodzi. Makampani oyendetsa alendo nawo amatumiza mitengo yosiyana kwambiri pa ulendo wooneka wofanana, ndipo chinsinsi chili m'mizere ing'onoing'ono ya pansi.

Mzere woyamba kuufufuza ndi wa ndalama zolowera m'paki. Sizochepa. Mlendo wamkulu wochokera kunja amalipira pafupifupi madola 70 ku Serengeti nyengo ya alendo ambiri, msonkho n'kubwera pamwamba, ndipo ndalamayo ndi ya maola 24 okha. Mukalowa pa chipata cha Naabi Hill masana, wotchi yayamba kuyenda. Kuchedwa kutuluka tsiku lomaliza ndi kulipira tsiku lina. Wogona mu loji kapena kampu ya m'kati mwa paki amalipiranso ndalama ina ya usiku uliwonse, yosiyana ndi ya bedi. Msewu wochokera ku Arusha umadutsa m'dera la Ngorongoro, lomwe lili ndi bungwe lake loliyang'anira losiyana ndi TANAPA ya mapaki, choncho kungodutsamo kuli ndi malipiro ake, popita ndi pobwera. Kutsikira m'chigwa chenichenicho galimoto iliyonse imalipira madola oposa 250. Ndipo pali chinthu china chimene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ambiri chimawadzidzimutsa: mitengo yotsika kwambiri imene imalembedwa pa chipata ndi ya nzika za mayiko a East African Community. Ife sitili m'bungwe limenelo. Kuyandikana malire ku Songwe sikuthandiza kanthu pa chipata cha Serengeti.

Koteshoni yabwino imatchula zonsezi. Imatchulanso dzina lenileni la malo ogona usiku uliwonse, osati kungoti "loji yabwino", poti loji ya ku Karatu, kunja kwa chipata, ndi ya m'mphepete mwa chigwa cha Ngorongoro zimasiyana mtengo komanso nthawi imene mudzadzuke. Imanena kuti m'galimoto mudzakhala anthu angati. Magalimoto ake ambiri ndi ma Land Cruiser otalikitsidwa, a denga lotukula, ndipo amakwana bwino anthu 6 aliyense ndi zenera lake. Wachisanu ndi chiwiri akangowonjezedwa, wina adzaona mikango kudzera m'khwapa mwa mnzake. Imanena ngati pali malire a makilomita oyenda pa tsiku, chifukwa kampani yotchipa kwambiri imapezera phindu lake pa dizilo, ndipo dalaivala amene wapatsidwa mafuta operewera sangakutengereni kutali ngakhale atamva kuti kuli nyalugwe. Zimene kawirikawiri sizikhalamo ndi zakumwa, ndalama yothokozera dalaivala ndi ogwira ntchito m'kampu, yomwe kumeneko ndi mwambo wokhazikika, ndi chibaluni chouluka m'mamawa chija chimene mtengo wake umapitirira madola 500 munthu mmodzi. Chibalunicho chili ngati galimoto ya maluwa yobwereka ya akwati: chimakoma pa chithunzi, koma popanda icho mwambo umachitika bwinobwino.

Ndalama zonsezi zimawerengedwa m'madola, ndipo apa ndi pamene ukwati wa kumudzi uli ndi mwayi umene ulendo ulibe. Ku Serengeti kulibe perekaniperekani woti adzatseke mabowo. Amene ankasunga makwacha a ulendo mu Novembala 2023, pamene ndalama yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anaona maloto awo akufupika ali m'tulo. Nchifukwa chake kuli bwino kulipira zigawo zikuluzikulu msanga, tikiti ya ndege ndi dipoziti, mmalo mounjika makwacha kudikira mwezi womaliza, komanso kuyamba kukambirana ndi banki za ndalama zakunja nthawi ikadalipo. Madola a m'thumba akhale atsopano ndi osang'ambika. Akale amakanidwa m'malo ambiri. Abale amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, olandira ma rand ndi mapaundi, mbali iyi amapumako.

Dipoziti yokhayo ili ndi nkhani zake. Tonse tinamvapo za wophika keke amene anazimitsa foni Lachisanu madzulo. Pa intaneti pali masamba okongola a makampani amene alibe galimoto ngakhale imodzi, ongolandira ndalama n'kukugulitsani kwa ena, ndipo pali ena amene kulibeko n'komwe. Funsani chiphaso cha boma chochitira bizinesi ya zokopa alendo, onani ngati kampaniyo ili m'bungwe la TATO, la makampani oyendetsa alendo ku Tanzania, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya kampani, osati ya munthu. Funsaninso zimene zidzachitike mukadwala kapena kukagwa zovuta ulendo utayandikira: abweza zingati, kufikira tsiku liti. Yankho likhale lolembedwa.

Koma munthu amene adzakonze kapena kuwononga ulendo wonse sali pa koteshoni. Pa ukwati mungathe kukhala ndi holo yapamwamba, keke ya masitepe asanu, zakudya zosefukira, koma MC akakhala wozizira kapena wosadziwa mabanja, anthu amayamba kutuluka 3 koloko. Akakhala katswiri, ukwati wa pansi pa mtengo wa mango umakambidwa chaka chonse. Ku paki munthu ameneyu ndi gaidi, amenenso nthawi zambiri ndiye dalaivala. Mudzakhala naye m'galimoto kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, masiku onse. Maso anu a m'tauni adzaona udzu ndi miyala. Ake adzaona khutu la mkango likugwedezeka pa mwala, mchira wa nyalugwe ukulendewera pa nthambi, miimba ikuzungulira kutali, nswala zonse zitayang'ana mbali imodzi zitasiya kudya. Amamva kulira kwa anyani n'kudziwa kuti pansi pa mtengo pali chilombo. Amalankhulana ndi anzake pa wailesi ya m'galimoto, koma gaidi amene amangodalira wailesi amakufikitsani pamene pali kale magalimoto 20. Wabwino amazimitsa injini, n'kukuuzani kuti tidikire pano.

Kudikirako ndiye ntchito yeniyeni, ndipo kumaoneka bwino pa mtsinje wa Mara. Galimoto imaima patali ndi gombe, pansi pa mtengo, kuti nyama zisaope. Kutsidya nyumbu zayamba kusonkhana, mazana, kenako zikwi, fumbi lili tolotolo, kulira kwake kosalekeza. Zakutsogolo zimafika pa phompho, n'kuyang'ana madzi, n'kubwerera. Zimabweranso. Mbidzi imodzi imatsika, imamwa madzi, imakwera. Ola limatha, lachiwiri limatha, dzuwa lafika pamutu, madzi a m'botolo afunda, wina m'galimoto wayamba kufunsa za chakudya. Kenako popanda chifukwa chooneka gulu lonse limatembenuka n'kubwerera kutchire, tsiku latha. Kapena imodzi imadumpha, ndipo zonse zimakhamukira pambuyo pake, madzi n'kuchita thovu, ana akulekana ndi amayi awo, ng'ona ikuyandama chapansipansi, zina zikuterereka pa miyala ya gombe lotsetsereka n'kuponderezana. Pakatha mphindi 20 mtsinje uli zii. Palibe gaidi, ngakhale wa zaka 30 pa ntchito, amene angakulonjezeni kuti zichitika lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ku Kogatende kumagulidwa ndi masiku. Wa usiku umodzi akuchita juga. Wa mausiku anayi ali ndi mwayi weniweni.

Apa ndi pamene fanizo lathu limathera mphamvu, ndipo ndi bwino kulivomereza. Komiti ya ukwati ikalipira zonse ili ndi ufulu wokalipa zinthu zikapanda kuyenda. Mlendo wa ku paki walipira galimoto, bedi, chipata ndi nzeru za gaidi, nyama sanazilipire. Amene sanamvetse zimenezi ndi amene amakakamiza dalaivala kuti atuluke mu msewu, ayandikire, awombe hutala kuti mkango udzuke. Malamulo a paki amaletsa, chindapusa chimagwera dalaivala, ndipo pa Mara zakhala zikuchitika kuti magalimoto othamangira malo abwino ojambulira atseka njira imene nyumbu zimatulukira m'madzi. Gaidi amene wakukanizani zotere ndi amene muyenera kumuthokoza bwino pa tsiku lomaliza. Pofunsa koteshoni, funsaninso za iye: wagwira zaka zingati, amalankhula Chingerezi chomveka, amadziwa mbalame? Funso la mbalameli ndi msampha wabwino, pakuti wodziwa mbalame amakhala kuti anaphunzira tchire lonse, osati mikango yokha.

Ngati pali malo amene nyama zimasunga nthawi, ndi Ngorongoro. Ndi phiri lakale limene linaphulika n'kutitimira, n'kusiya chigwa chozungulira chakuya mamita pafupifupi 600, pansi pake pali makilomita 260 m'bwalo. Muli madzi ndi msipu chaka chonse, choncho nyama zikuluzikulu pafupifupi 25,000 sizisowa chotulukira. M'mawa umodzi mungathe kuona mikango, njati, afisi, mvuu, njovu zamphongo za minyanga italiitali, ndipo mwayi ukakugwerani, chipembere chakuda, ngakhale nthawi zambiri chimaoneka patali ngati kadontho, pofunika magalasi oonera kutali. Akadyansonga okha musawafunefune pansipo. M'chigwamo simugonedwa, magalimoto amatsika m'mawa n'kutuluka dzuwa lisanalowe, ndipo wotsika 6 koloko amaona zambiri kuposa wotsika 10 koloko. Kumtunda kwake, mamita oposa 2,200, kumazizira kwambiri usiku, tengani juzi yeniyeni. Pa malo odyera nkhomaliro pafupi ndi dziwe la mvuu, idyerani m'galimoto: mphamba za pamenepo zinazolowera kutsomphola nyama ya nkhuku m'manja mwa munthu, ndipo zikhadabo zake sizisankha chala. Pa msewu wopita ku Serengeti, pemphani kuima ku Olduvai Gorge, kumene Mary Leakey anapeza chigaza chakale kwambiri mu 1959. Amaasai amene mudzawaone ndi ng'ombe zawo m'derali ali kwawo, musawajambule musanapemphe.

Za mapepala tidutsepo mwachangu. Mmalawi ndi Mzambia safuna viza pokacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale ndi miyezi 6 isanathe, ndipo poti ya kwathu simatuluka tsiku limodzi, iyambeni imeneyo zina zonse zisanayambe. Wodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa n'kukhalitsako angafunsidwe khadi la katemera wa yellow fever, choncho kungobayitsa n'kosavuta kuposa kukangana pa bwalo la ndege. Majumbo apulasitiki analetsedwa ku Tanzania kuyambira Juni 2019. Zovala zakuda ndi zabuluu woderapo zimakopa kashembe. Malungo aliko ngati kwathu konkuno. Njira ndi zambiri: ndege yopita ku Dar es Salaam kenako ina ya ku Arusha kapena ku Kilimanjaro International Airport, kapena basi yodzera ku Karonga, Songwe ndi Mbeya, imene amalonda opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amaidziwa bwino. A ku Zambia ali ndi sitima ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi, makilomita 1,860, yabwino kwa munthu wosathamangira nthawi.

Zanzibar ibwere kumapeto, fumbi litakukwanani. Boti lochokera ku Dar es Salaam limatenga maola awiri, ndipo pali ndege zochokera ku Arusha. Kuyambira Okutobala 2024 boma la kumeneko limafuna kuti mlendo agule inshuwalansi yawo asanalowe, ngakhale ali ndi ina. Ambiri amangothamangira ku mchenga wa ku Nungwi kapena ku Paje, ndipo si kulakwa, bola adziwe kuti kugombe la kummawa madzi amaphwa n'kuthawira kutali maola angapo tsiku lililonse. Ku nkhalango ya Jozani kuli apusi ofiira amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa zilumbazi, ndipo ku kachilumba ka Changuu kuli akamba akuluakulu. Anthu ambiri ndi Asilamu. M'tauni valani modzilemekeza, ndipo mwezi wa Ramadan musadyere pa msewu masana.

Koma kwa munthu wochokera m'mbali mwa nyanja ya Malawi, tsiku lofunika gaidi wabwino koposa ndi la ku Stone Town. Tinjira take n'topapatiza, tokhotakhota, ndipo wopanda womutsogolera amangoona zitseko zosemedwa bwino n'kugula zonunkhiritsa zakudya. Pemphani kuti akutengereni ku tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno, atawolotsedwa nyanja pa madoko ngati Nkhotakota ya a Jumbe n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. Pafupi ndi tchalitchicho alendo amatsitsidwa m'tizipinda ta pansi, ta denga lofupika loti munthu wamtali aweramitse mutu, ta timazenera tating'ono. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi. M'kati mwa tchalitchi muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake panakwiriridwa mtima wa David Livingstone. Amishoni amene anamanga tchalitchichi, a UMCA, ndi omwe aja anayamba ntchito yawo ku Magomero mu 1861, zitawavuta n'kusamukira ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anabwerera kunyanja n'kumanga tchalitchi chachikulu cha ku Likoma. Muuzeni gaidi kumene mwachokera musanayambe kuyenda. Nkhani imene amakambira Azungu a ku Italy ndi imene angakambire munthu wa ku Nkhotakota siziyenera kufanana.

Kwatsala chinthu chimodzi chimene komiti yanzeru siidumpha: kuyeserera. Operekeza akwati amakumana madzulo angapo kuphunzira masitepe kuti asadzapondane pa tsikulo. Musanatulutse madola masauzande, pitani kaye ku Liwonde kapena ku Majete, kumene nzika imalipira mtengo wotsika pa chipata. A ku Chipata ali ndi South Luangwa pakhomo. Majete, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 itatsala pang'ono kutheratu nyama, lero ili ndi njovu, zipembere, njati, mikango ndi anyalugwe. Masiku awiri kumeneko adzakuuzani zimene palibe kabuku ka kampani kangakuuzeni: ngati msana wanu umapirira maola 6 a mabampu, ngati ana anu angakhale chete pafupi ndi njovu, ngati foni yanu imajambula china chilichonse chopitirira mamita 50, ngati inu ndi akunyumba mumakondadi kudzuka 5 koloko pa tchuthi. Ena amabwerako atazindikira kuti chimene ankalota ndi nyanja ndi mpando wa ndalema, ndipo apulumutsa ndalama zambiri.

Bajeti ikakana, monga imakanira nthawi zonse, dulani chibaluni, dulani loji ya dziwe losambira, gonani mu tenti ya m'kampu wamba, pezani anzanu anayi kapena asanu mugawane mtengo wa galimoto. Masiku a m'paki ndi gaidi musawakhudze. Ndipo inu amene mtima uli pa mtsinje wa Mara mu Ogasiti, makampu a ku Kogatende ndi ochepa ndipo amadzaza miyezi yambiri nyengoyo isanafike. Lemberani makampani atatu chaka chino, muyerekeze makoteshoni awo mzere ndi mzere.